Ndani Adzaweruza Woyimba? Mbiri ya Oyimba a ku Wales

Mwa nchito zonse zimene munthu adyerako, ya woyimba ndiyo yobvuta kuiweruza. Mmisiri wa matabwa akapala citseko cokhota, citsekoco cikana kutseka, ndipo mlandu uthera pomwepo. Wosula akasula khasu losapsa bwino, lithyoka pa mzera woyamba. Koma nyimbo ituruka m'kamwa nipita ndi mphepo; wina ati yakoma, wina ati yaipa, ndipo mwini nyimboyo afuna malipiro ace madzulo omwewo. Nanga adzanena ndani kuti uyu ndiye waluso, uyo angosokosera? Kodi anene ndi womvera amene aturutsa ndalama, kapena oyimba anzace odziwa nchitoyo, kapena munthu wophunzira za m'mabuku? M'mwezi uno tifuna kufotokozera awerengi athu mbiri ya mtundu wina umene unalimbana ndi funso limeneli zaka pafupifupi 500, ndiwo anthu a ku Wales.

Dziko ndi Oyimba Ace

Wales ndi dziko laling'ono la mapiri ndi nkhosa, kumadzulo kwa England, pa cisumbu ca Britain. Anthu ace ali ndi cinenero caocao cosiyana kutali ndi Cingelezi. Kuyambira kale lomwe kuyimba kunali nchito ya ulemu m'dzikomo, ndipo woyimba ankaima yekha pamaso pa anthu. Anchito amenewa anali a mitundu itatu. Oyamba ndi opeka nyimbo za mau, ochedwa beirdd m'cinenero cao. Aciwiri ndi oyimba ndi nsambo: ena ankayimba zeze wamkuru wa nsambo zambiri wochedwa telyn, ena ankayimba crwth, ndico coyimbira cokweca ndi uta monga acitira mwini kaligo, koma ca nsambo zingapo. Acitatu ndi olakatula, amene ankaloweza pamtima nyimbo za opeka aja nazinena pa madyerero, ena akudziyimbira zeze, ena akugogoda pansi ndi ndodo.

Malamulo akale a dzikolo, ochedwa ndi dzina la mfumu Hywel Dda amene anamwalira ca m'ma 950, anaika woyimba pakati pa nduna za kubwalo. Woyimba wa pabanja la mfumu polandira udindo wace ankapatsidwa zeze ndi mfumu, ndi mphete ndi mkazi wa mfumu. Panalinso wina womposa, wochedwa pencerdd, ndiko kunena mutu wa nyimbo. Ameneyo anali ndi mpando wacewace m'nyumba ya madyerero, ndipo ndiye ankayamba kuyimba, nyimbo yoyamba ya Mulungu, yaciwiri ya mfumu.

Pa Krisimasi wa caka ca 1176, kalonga wa kumwera, Rhys ap Gruffudd, anakonza madyerero akuru m'linga lace la ku Cardigan. Analengeza zimenezi kutatsala caka cathunthu, m'Wales monse ndi ku England, Scotland ndi Ireland. Anaika mipikisano iwiri, wina wa opeka nyimbo, wina wa oyimba zeze, crwth ndi zitoliro, naikanso mipando iwiri ya opambana. Mpando wa nsambo unagwera mnyamata wa pabwalo la Rhys yemwe, koma wa mau unapita kumpoto, ku Gwynedd. Masiku amenewo funso lathu lija silinabvuta kwambiri, pakuti wodyetsa woyimba anali kalonga, ndipo oyimba a ulemu anali owerengeka.

Njala Ibala Ndeu

Mu 1282 Llywelyn ap Gruffudd, kalonga wa Wales, anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi Edward I, mfumu ya ku England, ndipo caka cotsatira ufumu wa akalonga unatheratu. Oyimba anasanduka ana amasiye. Amene anatsala kuwadyetsa ndiwo eni nthaka omveka a m'madera, pamodzi ndi akuru a nyumba za amonke. Tsono woyimba anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, zeze ali kumsana kapena mnyamata akumsenzera, makamaka pa nyengo zitatu za Krisimasi, Paskha ndi Pentekoste, ndiponso pa maukwati ndi pa maliro a anthu omveka. Akafika ankayimba nyimbo yotama mwini nyumba, kuchula makolo ace, kuolowa manja kwace ndi kukoma kwa mkazi wace. Ndipo ankalandira cakudya, pogona, ndalama, kapena cobvala, mwina ngakhale kavalo. Ulendo wotere unkachedwa clera.

Njira imeneyi inali yotseguka kwa ali yense. Munthu wodziwa nyimbo ziwiri zoseketsa, kapena wodziwa kutukwana mokometsera, nayenso ankafika pa khomo lomwelo nthawi yomweyo. Nkhokwe ya mwini nyumba inali imodzi, ndipo cimene walandira wongoseketsa uja cinacoka m'kamwa mwa amene anaphunzira zaka zambiri. Cifukwa cace oyimba ophunzira anayamba kunyoza anzao apansiwo ndi dzina lowawa lakuti clêr y dom. M'cinenero cao liu lakuti clêr linena oyimba oyendayenda, linenanso nchenche. Motero dzinalo litanthauza nchenche za pa ndowe. Tione bwino pano, abale, kuti mkangano wa ubwino wa nyimbo unali mkangano wa nsima womwe. Amene ankapfuula kuti luso lionongeka ankanena zoona, koma ankanenanso za mimba zao.

Boma la ku England nalo silinakondwera ndi oyendayendawo. Mu 1402, nkhondo ya Owain Glyndŵr ili m'kati, lamulo linaturuka m'masiku a Henry IV loletsa oyimba ndi opeka nyimbo osokera kusonkhetsa anthu a ku Wales cuma. Lamulolo silinasiyanitsa waluso ndi wopanda luso. Potero oyimba ophunzira anaona kuti akapanda kudzilekanitsa okha ndi enawo, onse adzawerengedwa gulu limodzi la opemphapempha.

Muyeso wa Nyimbo

Kuti munthu anene kuti nyimbo iyi yalakwa, ayenera kukhala ndi muyeso wodziwika kwa onse. Ca m'ma 1320 wansembe wina, Einion Offeiriad, analemba buku la malangizo a opeka nyimbo, ndipo Dafydd Ddu wa ku Hiraddug analikonzanso. M'bukumo munali mitundu 24 ya kamangidwe ka nyimbo, ndi mndandanda wa zolakwa zoletsedwa, monga mzera wotalika kapena wofupika kuposa muyeso, ndi mau osagwirizana pa umodzi ndi unyinji. Munalinso malangizo a cimene ayenera kutamidwa naco munthu ali yense monga mwa udindo wace, kuti wansembe asatamidwe ndi mau oyenera msilikari.

Cobvuta koposa zonse cinali lamulo la kumvana kwa maliu, lochedwa cynghanedd. Mzera uli wonse unayenera kumangidwa kotero kuti maliu a m'theka loyamba ayankhidwe m'theka laciwiri. Mwa njira zace imodzi ndi iyi: zilembo zosakhala a, e, i, o, u za m'theka loyamba zibwerenso m'theka laciwiri mwa dongosolo lomwelo, monga ngati ife tikadaika liu lakuti kalulu kuno, ndi lakuti kolola uko. Tayesani kucita comweco m'mizera 60, mzera uli wonse wa maphatikizo 7, ndipo mau akhalebe ndi nzeru; mudzazindikira cifukwa cace nchitoyi inafuna zaka zambiri pa mapazi a mphunzitsi. Oyimba ndi nsambo naonso anali ndi miyeso yao 24, ndi nyimbo zoikika zimene wophunzira anayenera kuzidziwa pamtima.

Ca m'ma 1451 kunacitika msonkhano wa oyimba ku Carmarthen, woitanidwa ndi mkuru wina dzina lace Gruffudd ap Nicolas. Msonkhano wotere achula eisteddfod, ndiko kunena kukhala pansi pamodzi. Kumeneko Dafydd ab Edmwnd analandira kampando ka siliva, ndipo ndiye anakonzanso miyeso 24 ija naiumitsa. Anacotsamo iwiri yakale, naikamo iwiri yaceyace yobvuta kwambiri, yakuti woipeka asamala maliu okha, nzeru ya mau nitsalira m'mbuyo. Mpanda unakwera, ndipo nchenche zija zinatsala kunja. Koma m'katimo munayamba kucepa mpweya.

Kudzudzulana Kwao

Oyimbawa sanadikira mlendo kuti awadzudzule. Anali ndi mwambo wotsutsana ndi nyimbo, wochedwa ymryson: wina apeka nyimbo yoloza zolakwa za mnzace, mnzaceyo nayankha ndi nyimbo ya muyeso womwewo, ndipo olakatula anyamula zonsezo kunka nazo m'nyumba za eni nthaka. M'zaka za m'ma 1300, Dafydd ap Gwilym, amene ambiri amuyesa woposa opeka nyimbo onse a ku Wales, anatsutsidwa motero ndi Gruffudd Gryg wa ku Anglesey. Dafydd ankakonda kudandaula m'nyimbo zace kuti cikondi camlasa ngati mikondo. Gruffudd anamseka kuti mikondo yonseyo ikadakhala yoona, mwenzi munthuyo atafa kalekale. Dafydd anabwezera kuti Gruffudd angotola mayimbidwe a anzace. Milandu iwiri imeneyi, wa kunama ndi wa kuba nyimbo, ndiyo imene oyimba anenezana kufikira lero.

Panalinso mwambo wina wodabwitsa wa pa maukwati a anthu omveka, wochedwa cyff clêr. Pencerdd, mkuru wa onse, ankaikidwa pakati ngati citsa. Ankampekera nkhani yoseketsa yomcititsa manyazi, ndipo oyimba apansi onse ankaloledwa kumnyoza ndi timanyimbo tao pamaso pa alendo. M'mawa mwace iye ankawayankha onse, yense ndi mbali yace. Motero wamng'ono anapeza tsiku lolankhula mosaopa, ndipo wamkuru anayenera kuonetsa kuti mpando wace sanaukhalira cabe.

Koma kudzudzula kolasa mtima kunadza ndi Siôn Cent, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1400, potsutsana ndi Rhys Goch Eryri. Iye sananena za maphatikizo kapena za maliu. Ananena kuti nchito yonse ya kutama eni nthaka yamangidwa pa bodza. Woyimba afika pa nyumba ya munthu woumira, namchula woolowa manja. Aona wamantha, namyesa mkango. Amwa cakumwa cosasa, nacitama ngati vinyo wa ku France. Ndipo acita zonsezi cifukwa ca malipiro. Rhys anayankha kuti mphatso ya kuyimba ndi yopatulika ndi yocokera kumwamba. Yankho limenelo silinatha mlandu, pakuti funso la Siôn Cent linali lakuti mphatsoyo ikugwira nchito yanji. Akuru amati mlandu suola. Tidzauonanso ukudzuka patapita zaka zoposa 150.

Misonkhano ya ku Caerwys

Mu 1523 eni nthaka a kumpoto anaitanitsa msonkhano m'mudzi wa Caerwys, m'dera la Flint, kuti alongosole nchito ya oyimba. Mkuru wa banja la Mostyn anali mmodzi wa otsogolera, ndipo mwa alangizi ao munali Tudur Aled, wophunzira wa Dafydd ab Edmwnd uja. Malamulo amene anatsata anawachula ndi dzina la Gruffudd ap Cynan, mfumu ya Gwynedd imene inamwalira mu 1137, kuti aoneke akale ndi olemekezeka. Koma akatswiri a mbiri apeza kuti analembedwa m'nyengo ya msonkhano womwewo.

Malamulowo anaika makwerero. Poyamba munthu anali wophunzira woyesedwa, ndipo pencerdd anayenera kumcitira umboni kuti angathe kusanduka woyimba. Kenaka anali wophunzira wolangizidwa, pambuyo pace wophunzira woyandikira ukuru, ndipo potsiriza pencerdd. Khwerero liri lonse linali ndi ciwerengero cace ca miyeso yoyenera kuidziwa, kufikira yonse 24, ndipo malipiro a pa madyerero analinso monga mwa khwerero la munthu. Kuphunzitsa ena kunali kwa akuru okha. Malamulowo sanalekera pa luso. Analetsa woyimba kuledzera, kucita njuga m'nyumba za mowa, kuyambitsa ndeu, kunyenga akazi a pa nyumba imene wacerezedwa, ndi kufalitsa miseche. Analetsanso kuti oyimba aunjikane ambiri pa khomo la munthu wa cuma cocepa.

Patapita zaka 44, mu 1567, msonkhano waciwiri unacitika pa Caerwys pomwepo, mwa cilolezo ca Elizabeth I, mfumu yaikazi ya ku England. Kalata ya cilolezoyo inadandaula kuti anthu aulesi ndi oyendayenda odzicha oyimba acuruka kosapiririka kumpoto kwa Wales, kotero kuti eni nyumba asowa mtendere, ndipo aluso enieni agwa mphwayi nasowa podyera. Inalamula kuti onse ofuna kudya ndi nchitoyi aonekere pamaso pa oweruza. Oyenera apatsidwe makwerero. Osayenera abwerere ku nchito ya manja, ndipo akapezekanso akuyendayenda agwidwe ngati osokera. Kulephera mayeso amenewo kunali kutaya njira ya cakudya, mwinanso kulowa m'manja mwa boma.

Anthu oposa 50 analandira makwerero. Mwa opeka nyimbo, anai anakwezedwa kukhala pencerdd, ndipo awiri a iwo ndi Wiliam Llŷn ndi Simwnt Fychan. Wiliam Cynwal ndi Siôn Tudur anaikidwa pa khwerero lotsatana nalo. Onse anai amene tawachulawa anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi, Gruffudd Hiraethog, amene anamwalira mu 1564. Mphotho ya woyimba zeze wopambana inali kazeze ka siliva, kotalika mainchesi 6, kamene banja la Mostyn linali ndi ufulu wa kukapereka.

Mbusa ndi Pencerdd

Tsono tifika pa mkangano waukuru woposa yonse. Edmwnd Prys anali mbusa wophunzira ku Cambridge, ku St John's College, wodziwa Cihebri, Cihelene ndi Cilatini, ndipo mu 1576 anaikidwa woyang'anira abusa a m'dera la Merioneth. Ankadziwa kupeka nyimbo mwa miyeso yakale, koma analibe khwerero la ku Caerwys. Wiliam Cynwal, wa ku Ysbyty Ifan, anali woyimba wa nchito, wodziwa mibadwo ya mabanja onse omveka a kumpoto, wodya ndi ulendo wa clera.

Ciyambi cace cinali kanthu kakang'ono. Ca m'ma 1581 mkuru wina anafuna uta wacitsulo wa Prys, ndipo Prys anabvomera pokhapo Cynwal atapeka nyimbo youpempha, monga unali mwambo wao. Nyimboyo inacedwa, ndipo itafika Prys sanakondwera nayo, pakuti inadzala ndi matamando ozolowereka. Anayankha ndi nyimbo yodzudzula, Cynwal nabwezera. Pambuyo pace Prys anatumiza zitatu, Cynwal nayankha zitatu. Prys anatumiza 9, Cynwal nayankha 9. Zonse pamodzi zinakwana nyimbo 54.

Mlandu wa Prys unali wa mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ija ya Siôn Cent: oyimba atama osayenera kutamidwa, napekera anthu makolo omveka amene sanakhala nao. Mbali yaciwiri inali yatsopano. Prys anati dziko ladzala ndi nzeru zimene makina osindikiza mabuku afalitsa, za nyenyezi, za zolengedwa, za mbiri ya mitundu, za Malembo. Koma oyimba a ku Wales angobwereza mafanizo a agogo ao, osafuna kuphunzira kanthu. Kwa iye munthu wodziwa miyeso 24 koma wopanda conena anali ngati nkhokwe yomangidwa bwino yopanda cimanga.

Cynwal sanatsata mnzace m'nkhani za m'mabuku. Anaima pa mau amodzi, ndiwo akuti, khwerero lako liri kuti, ndipo mphunzitsi wako ndani? Iye anayesedwa pamaso pa akuru a nchitoyo. Prys sanayesedwa ndi munthu. Mbusa asamale guwa lace ndi ulaliki wace, asiye nyimbo kwa eni ace. Tisafulumire kumseka Cynwal. Prys anali ndi malipiro a ubusa caka ndi caka, ndipo akadanena zoona zowawa kwa mwini nthaka sakadagona ndi njala. Cynwal akadaleka kutama, ana ace akadadya ciani? Wokhuta sabvutika kulangiza wanjala za kadyedwe.

Mkanganowo unatha ndi imfa. Cynwal anamwalira ca m'ma 1587 Prys akali kupeka mayankho ena. Pakumva za malirowo, Prys analeka kutsutsa, napeka nyimbo ya maliro yolira mnzace ndi kulemekeza luso lace. Pamenepo tiona kuti zaka zonsezo sanali kudana ndi munthuyo.

Cimene Nthawi Inaweruza

Anthu ena ophunzira a masiku amenewo anaonjeza dandaulo lina, lakuti oyimba abisa luso lao. William Salesbury ndi Siôn Dafydd Rhys anawadandaulira kuti aturutse mabuku ao asindikizidwe, kuti nzeruyo isafe pamodzi ndi eni ace. Oyimba ambiri anakana, poopa kuti cinsinsi cikafala malonda ao atha.

Koma cimene cinawagwetsa cinadza ndi njira yina. Pakati pa 1536 ndi 1540 Henry VIII anatseka nyumba za amonke, ndipo makomo ambiri ocereza oyimba anatsekeka. Malamulo a 1536 ndi 1543 analumikiza Wales ndi England, naika Cingelezi kukhala cinenero ca milandu ndi ca maudindo. Ana a eni nthaka anayamba kupita ku London ndi ku sukulu za ku England, ndipo pobwera sanamvanso kukoma kwa nyimbo zotama makolo ao. Mu 1594 akuru ena anapempha msonkhano wacitatu, koma sunacitika. Gruffydd Phylip, amene achedwa wotsiriza wa oyimba akale odya ndi nchitoyi, anamwalira mu 1666.

Za nsambo ndizo zomvetsa cisoni koposa. Ca m'ma 1613 woyimba zeze wa ku Anglesey, Robert ap Huw, analemba nyimbo zakale m'buku ndi zizindikiro za oyimba okhaokha, zina atazitenga m'buku la Wiliam Penllyn, amene anakwezedwa ku Caerwys mu 1567. Bukulo lasungidwa ku London. Koma aphunzitsi atatha kufa panalibenso wodziwa kuwerenga zizindikirozo, ndipo akatswiri a m'zaka za m'ma 1900 anabvutika nazo nthawi yaitali pofuna kumvanso maliu ace. Cinsinsi cimene cinasungidwa kuti citeteze nchito ndico cinaikwirira.

Nanga Prys anapambana kodi? Pa mbali yina inde. Mu 1603 anasindikiza Masalmo amene Wiliam Midleton anawaika m'miyeso yobvuta ya oyimba akale. Anali a luso, koma mpingo sunatha kuwayimba. Mu 1621 anaturuka Masalmo a Prys, oikidwa m'muyeso wapafupi wakuti mlimi ndi mbusa wa nkhosa ayimbe pamodzi, ndipo ena a iwo ayimbidwabe m'machalichi a ku Wales. Koma pa mbali yina Cynwal ndi anzace sanagwira nchito cabe. Pamene William Morgan anamasulira Baibulo lonse m'cinenero ca Wales mu 1588, Prys ali mmodzi wa omthandiza, anapeza cinenero cosulidwa kale, cimodzi kumpoto ndi kumwera, colemera ndi mau. Amene anacisunga cotero zaka mazana ndiwo oyimba aja ndi malamulo ao ouma. Wodzudzula anamanga nyumba yace ndi njerwa zoumba odzudzulidwa.

Mpando Wopanda Mwini

Mwambo wa eisteddfod unadzukanso mu 1789, pamene bungwe la anthu a ku Wales okhala ku London, lochedwa Gwyneddigion, linathandiza misonkhano ya ku Corwen ndi ku Bala. Msonkhano woyamba wa dziko lonse unacitika ku Aberdare mu 1861. Masiku ano ucitika m'mwezi wa August, ndipo sugawanso zilolezo za kudyera. Ali yense aloledwa kupikisana. Koma taonani m'mene akonzera kaweruzidwe. Wopeka nyimbo atumiza nchito yace ndi dzina lobisika, kuti oweruza asayang'ane nkhope kapena cibale. Woweruza aima pamaso pa khamu nanena zifukwa za ciweruzo cace, ndipo mau a oweruza asindikizidwa m'buku pamodzi ndi nyimbo zopambana, kuti nayenso woweruzayo aweruzidwe ndi owerenga. Mphotho ya nyimbo ya cynghanedd ikali mpando, monga m'masiku a Rhys. Ndipo oweruza akaona kuti palibe woyenera, mpandowo ukhala wopanda mwini caka cimeneco. Zinatero mu 2009 ndi mu 2013.

Tsono titolepo ciani pa mbiri imeneyi? Coyamba, muyeso ndi wofunika, pakuti popanda uwo wopfuulitsa ndiye alandira mphotho, ndipo wophunzira agwa ulesi. Koma oikira muyeso akakhala omwewo amene adya nao, ayesedwa kukweza mpanda cifukwa ca mimba, nachula dzina la luso. Caciwiri, funso la Cynwal lakuti mphunzitsi wako ndani liri ndi malo ace, koma siliyankha mlandu. Munthu wosadziwa kusula angathe kuona kuti khasu lathyoka. Cacitatu, wodzudzula akumbukire cimene mnzace adyera, ndipo aonetse njira yabwino ndi manja ace, monga anacita Prys ndi Masalmo aja. Cacinai, nzeru yobisidwa ifa ndi mwini wace.

Pali ponse pamene munthu aima yekha ndi coyimbira cace pamaso pa anthu, kuyembekeza kuti adye ndi mau a pakamwa pace, milandu imeneyi idzabuka: wakuti wanama, wakuti waba nyimbo ya mnzace, wakuti sanaphunzira, wakuti wodzudzulayo ndi wa nsanje. Anthu a ku Wales sanaithetsa, koma anaphunzira kuikamba poyera, ndi zifukwa zomveka, mwini nyimbo ali ndi ufulu wa kuyankha. Akuru athu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Woyimba amene apeza mnansi wotere asamthamangitse. Ndipo wotsinayo atsine khutu lokha, asadule mutu, kuti tsiku la maliro adzathe kulira mnzace ndi mtima woona, monga Edmwnd Prys analira Wiliam Cynwal.